Ichi chakoma, ichi chakoma, bandulo yatha

Makolo athu anamuona pusi ali mumtengo, dzanja lagwira chipatso chakupsa koma maso ali pa china cha nthambi ya uko. Anataya nthambi kuti atenge zonse ziwiri, basi mwambi unabadwa: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Apusi a m'nkhalango ya Liwonde akuoneka kuti anaphunzirapo, poti masiku ano amangokhala phee m'mitengo kuonerera alendo. Ogwa chagada tsopano ndife, tili pampando, foni ili m'manja.

Netflix inafika ku Malawi mu Januwale 2016, tsiku limene inatsegulidwa m'maiko 130 nthawi imodzi. Mphunzitsi wa ku Ntaja akalandira malipiro, n'kugula bandulo, amapezeka kuti ali ndi mafilimu ochuluka kuposa amene angaonere moyo wake wonse. Ayamba ndi ya ku Korea, mphindi zitatu, ayi, akulira kwambiri. Adumphira ya ku Nigeria, aiona kuti ndi yaufiti ndipo kunja kwada. Atsegula makatuni a ku Japan, mwana wake amuuza kuti Naruto yonse, kuphatikiza Shippuden, ili ndi zigawo 720, ndipo One Piece inayamba mu 1999 koma mpaka lero sinathe, zigawo zinadutsa kale 1,000. Bambo uja awerengera malipiro ake, abwerera m'mbuyo. Chala chikungokwera ndi kutsika ngati cha munthu wovundukula mulu wa kaunjika wopanda cholinga chogula. Nsima yazizira, uthenga walowa: bandulo yanu yatha. Munthu wagona osaonera filimu ngakhale imodzi, koma zithunzi za mafilimu waziona zonse.

Azungu nawonso anagwa chagada chomwechi, ndiye anayambitsa ntchito yosankhira anzawo. Kampani ya MUBI, imene inayamba mu 2007, inatchuka chifukwa chopatsa anthu mafilimu 30 okha: tsiku lililonse imodzi inkalowa, ina n'kutuluka. Anthu ankalipira mwezi ndi mwezi kuti wina awachepetsere zosankha. Ine ndinaseka nditamva zimenezi, chifukwa ntchito imeneyo ife tinali nayo kale pa msika wa Balaka, pa Ulongwe ndi pa depoti ya Liwonde, ndipo mwini wake alibe ofesi ku London. Ali m'kashopu ka malata, kompyuta yakale ili patebulo, sipikala ikugunda mpaka fumbi kudumpha, pakhomo palembedwa kuti timabena nyimbo ndi mafilimu.

Mnyamata wobena ameneyu ndimamupatsa ulemu. Ukamupatsa memore khadi, sayamba wakuonetsa mndandanda. Amakuyang'ana kuyambira kunsapato, kenako funso limodzi: "Madala, mukaonera ndi ndani?" Ukati ndi ana, akuikira makatuni. Ukati ndi apongozi, achotsa zonse za anthu opsompsonana n'kuika ya ku Nigeria imene m'busa amapambana pamapeto. Ukati wekha, amwetulira, osanena kanthu. Ukabweranso mawa lake akufunsa ngati stelingi anakusangalatsa, ndipo ukadandaula akusinthira. Makina a pa intaneti sadziwa kuti foni ya m'nyumba mwathu ndi ya anthu asanu ndi awiri. Mwana akaonerapo Dragon Ball, mayi n'kuonerapo ya chikondi, mlamu ya karate, makinawo amaganiza kuti mwini foni ndi munthu mmodzi wosokonezeka mutu, ndiye amamupatsa zosokonezeka zomwezo.

Pali china chimene Netflix sangachithe. Filimu ya ku China ikadutsa m'manja mwa anyamata omasulira, imatuluka ikulankhula Chichewa cha pamsika. Mfumu ya ku Beijing imadandaula za mtengo wa feteleza, ndipo womenyedwa asanagwe DJ wanena kale kuti uyu ndiye wapita. Anthu a m'vidiyo sho amaseka pamalo pamene wopanga filimuyo anafuna kuti alire.

Wosankha wina ndi boma. Lamulo lathu loona za mafilimu ndi zisangalalo ndi la 1968, nthawi imene kanema ankafika pa chimkombero cha tepi, osati m'thumba la thalauza. Anzathu a ku Kenya anayesa njira yoletsa mu 2018 pa filimu ya Wanuri Kahiu yotchedwa Rafiki, yonena za atsikana awiri okondana. Inaonetsedwa ku Cannes, kwawo inaletsedwa. Khothi litalola kuti ionetsedwe masiku asanu ndi awiri okha, anthu anadzaza m'nyumba za kanema ku Nairobi. Munthu angaganize zimene akufuna pa nkhani ya m'filimuyo, koma pusi ukamuuza kuti chipatso icho usakhudze, ndiye wamuonetsa nthambi yoyambira.

Komabe mnyamata wanga wobena uja ali ndi mlandu, ndipo sindimubisira. Mufunseni Spirited Away ya Hayao Miyazaki, katuni ya mu 2001 imene inapata Oscar mu 2003, akuuzani kuti mulibe ndewu, siyenda malonda. Zimenezo tingamukhululukire. Nanga zathu zomwe? Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya AMVCA mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Gift Sukez Sukali anatulutsa Fatsani. Anthu awa alibe chikampani chachikulu kumbuyo kwawo, amasonkha ndalama movutikira kuti kamera iyake. Ukatchula maina amenewa pakashopu paja, mnyamata amakanda m'mutu n'kukuloza kwa Jet Li. Ndipo tsiku limene aipeza ya kwathu, aibena ulere ngati inagwa ndi mvula, mwini wake osaonapo ngakhale ya sopo. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya William Kamkwamba, yojambulidwa ku Kasungu konkuno, ambiri tinaidziwa itazungulira kaye kunja n'kubwerera kudzera pa Netflix mu 2019.

Tsono inu achimwene a pakashopu, maso osankha muli nawo, palibe akutsutsa. Sabata ino m'memore khadi ya madala aja mulowemo filimu imodzi ya kwathu pambali pa ma China asanu, ndipo ikhale yoti mwini wake mwamulipira.