Mwendo Lero, Mkono Mawa

(Pakhonde, dzuwa litapendeka. Agogo, amene anakalambira pa ntchito yokonza njinga pamsika, akhala pampando wa ndalema. Mdzukulu wawo Tadala, amene waphunzira uinjiniya m'tauni, wakhuthula thumba la zidole pamkeka.)

AGOGO: Akazi anga, katundu mwanditengera ku Blantyre ndi ameneyu? Ine ndimayesa m'thumbamo muli shuga.

TADALA: Shuga ndasiya kukhitchini, agogo. Izi ndi zanga.

AGOGO: Zako? Osati za mwana wa achemwali ako?

TADALA: Zanga ndithu. Ndimatola pakaunjika, chimodzichimodzi.

AGOGO: Mbuzi zinatha m'khola muno kuti iwe uphunzire, lero ukutibweretsera ana apulasitiki. Komanso taona, uyu alibe mwendo, uyu dzanja limodzi. Anakugulitsa ochokera kunkhondo?

TADALA: Za pakaunjika sizibwera zathunthu. Mwana wa kunjako akataya mkono kunsi kwa bedi, chidolecho chimafika kuno chopanda mkono. Tagwirani ichi. Mukuona chiyani?

AGOGO: Galimoto. Matayala anayi, onse akuphwa.

TADALA: Ndiye penyetsetsani. (Apinda apa, atembenuza apo. Galimoto ija iimirira ndi miyendo iwiri, mutu utulukira.)

AGOGO: Mayo ine! Chotsa pakhonde panga! Zosandukasanduka kwathu kuno timaziitanira amfumu.

TADALA: Ndi loboti chabe, agogo. Mtundu wake umatchedwa Transformers. Kampani ya ku America, Hasbro, inayamba kuzigulitsa mu 1984. Koma sinazipange yokha. Inakazipeza ku Japan, kwa kampani ina yotchedwa Takara, imene inali kale ndi mitundu iwiri ya zidole. Wina unali Diaclone, wa magalimoto ndi ndege. Wina unali Micro Change, wa zinthu za m'nyumba: wailesi ya kaseti, mfuti, timagalimoto tating'ono. A Hasbro anaphatikiza mitundu iwiriyo, n'kuipatsa maina atsopano ndi nkhani imodzi, yoti ndi magulu awiri odana.

AGOGO: Anatenga ana a mabanja awiri n'kuwauza kuti kuyambira lero ndinu adani.

TADALA: Eya. N'chifukwa chake msinkhu sunkagwirizana. Wosanduka wailesi ya kaseti ankaima wamtali kuposa wosanduka galimoto. Ndipo tasuzumirani umu. Mukukaona kampando?

AGOGO: Ndakaona. Dalaivala ali kuti?

TADALA: Ku Japan anali momwemo, kamunthu kakang'ono kwambiri, chifukwa kumeneko ankati ndi makina oyendetsedwa ndi anthu. Ku America anati malobotiwo ndi amoyo, kamunthu kaja anakachotsa, mpando n'kutsala.

AGOGO: Anamuchotsa ntchito. Azungu sanayambe lero. Nanga awa obiriwira, bwanji wawaika paokha ngati odwala mphere?

TADALA: Amenewa ndi a 1985, magalimoto omangira misewu ndi nyumba. Amakhala asanu ndi mmodzi, ndipo ukawalumikiza onse amapanga chimphona chimodzi, Devastator. Vuto lake, aliyense ali ndi malo ake. Uyu wosakaniza simenti ndi mwendo wamanzere, basi. Sangakhale mkono, sangapite kumanja. Ine ndili nawo anayi okha, ndiye chimphonacho sichingaime.

AGOGO: Mwendo wamanzere moyo wake wonse. Ngakhale kukwezedwa pantchito ayi.

TADALA: Chaka chotsatira, 1986, anabwera ndi nzeru ina. Gulu lililonse la asanu: wamkulu mmodzi amakhala chifuwa, ang'onoang'ono anayi amakhala manja ndi miyendo. Koma aliyense mwa anayiwo angathe kukhala mwendo lero, mkono mawa. Ndipo angathe kuchoka pagulu lake n'kukalowa pagulu lina. Ku Japan ankazitcha Scramble City. Magulu oyamba anali anayi: la ndege, la magalimoto othamanga, la magalimoto ankhondo, ndi la opulumutsa anthu pangozi.

AGOGO: Dikira. Ambulansi ingathe kukakhala mwendo wa asilikali?

TADALA: Bwinobwino. Ngakhale wa adani ake.

AGOGO: Amenewo ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Wagona chipani china, wadzuka chipani china, ndipo paliponse akukwana.

TADALA: Agogo!

AGOGO: Ndanama? Tandionetsa, amalumikizana pati?

TADALA: Apa ndiye museka. Taonani mutu wa kandegeka. Si wozungulira, uli ndi ngodya zinayi. Paphewa la wamkuluyu pali bowo la ngodya zinayi. Mutuwo ndi umene umalowa m'bowomo.

AGOGO: Mutu wake kulowetsa m'khwapa mwa mnzake?

TADALA: Kapena m'bondo, akakhala mwendo.

AGOGO: Ndiye waphunzira sukulu mpaka kumapeto kuti uzilowetsa mitu ya anthu m'khwapa mwa anzawo. Bwera nacho kuno. (Akankha. Chilowa, khethe.) Aa! Chagwira ndithu. Sichikugwedera n'komwe. Patse china.

TADALA: Mwati n'zichotse pakhonde panu.

AGOGO: Ndikufufuza mlandu, usandisokoneze. Nanga ichi chachikuluchi, chokongolachi? Mutu wa kandege kaja sukulowa.

TADALA: Musakakamize, muthyola! Chimenecho ndi cha 2015, mtundu wa Combiner Wars. Maina ndi omwewo, nzeru ndi yomweyo, mwendo ungakhale mkono, gulu lingabwereke kwa gulu lina. Koma cholumikizira anasintha. Sichilowanso ndi mutu. Chili ndi kachikhomo kakekake kamene umachita kulowetsa chotsetsereka m'kanjira, n'kumva kuti tswa.

AGOGO: Ndiye wa 1986 ndi wa 2015 sadziwana.

TADALA: Sadziwana. A 2015 amagwirizana ndi a 2018, otchedwa Power of the Primes. Koma mu 2022 anatulutsanso gulu lija la magalimoto othamanga ndi kalumikizidwe kena: ngolo ya wamkuluyo imasanduka mafupa a chimphona, ang'onoang'ono aja n'kumangomamatira pamafupapo. Amenewo sagwirizana ndi a 2015, sagwirizana ndi a 1986.

AGOGO: Ehe! Tsopano wafika pamunda panga. Khala pansi ndikuphunzitse uinjiniya.

TADALA: Ndakhala kale, agogo.

AGOGO: Khalitsitsa. Njinga ya Raleigh, ija ya ku Mangalande, inali njinga. Munthu akaikwera, apongozi ankayala mphasa asanafike. Koma ikatha mbale za pakati paja, pamene pamazungulira mapedulo, unkatuluka thukuta. Utenge mbale ya njinga ina, kukula kwake n'chimodzimodzi, ukaiyang'ana ndi maso palibe kusiyana. Uyambe kumanga: kamodzi, kawiri, katatu, gwa! Yakana. Wopusa ankatenga sipanala yaikulu n'kukakamiza, mazinga onse n'kudyeka, njinga ya mwini n'kuthera pomwepo.

TADALA: Chifukwa Raleigh inkadula mazinga 26 pa inchi imodzi, pamene ena ambiri a ku Mangalande komweko ankadula 24.

AGOGO: Ine sindinkawerenga, zala ndi zimene zinkandiuza. Koma chimene ndinkadziwa n'chakuti sipeya yake uyenera kukagula yawo yomwe. Ndiye usandiuze kuti a zidolewa anasintha mwangozi. Anakhala pansi, tiyi ali patebulo, nati: mwana uja tinamugulitsa asanu mu 1986 wakula tsopano, ali pantchito, ali ndi malipiro. Timugulitsenso asanu.

TADALA: Mbali ina mukunena zoona. Koma tagwirani chakalechi. Pindani mkono pachigongono.

AGOGO: Sukupindika.

TADALA: Bondo?

AGOGO: Lauma ngati langali.

TADALA: Tsopano chatsopanochi.

AGOGO: (Apinda. Chilira, kete kete kete.) Ichi chingathe kuvina beni.

TADALA: Mwaona? Mutu wa ngodya zinayi uja unkangogwira basi. Kuti chimphona chipinde chigongono, chiime ndi mwendo wotsogoza osagwa, pankafunika cholumikizira champhamvu, chokhala ndi mano m'kati. Ndiponso zidole zatsopanozi n'zazikulu, n'zolemera. Kamutu kakale kaja sikakananyamula.

AGOGO: Chabwino, za 2015 ndawakhululukira. Nanga za 2022?

TADALA: Ankafuna kuti chizifanana kwambiri ndi cha m'makatuni a pa TV.

AGOGO: Amenewo sindinawakhululukire. Akaonekere kubwalo.

TADALA: Koma pali chinthu chimodzi chimene achisunga. Taonani dzanja la uyu, chibakerachi. Chili ndi kabowo kozungulira. Kameneka ndi ka mamilimita 5. Tengani mfuti iyi, ndi ya chidole china, cha chaka china, cha nkhani ina. Ikani.

AGOGO: Yalowa.

TADALA: Nkhwangwa iyi.

AGOGO: Yalowanso. Ukanakhala ndi khasu tikanamupatsa, akathandize kudimba.

TADALA: Muyeso umenewu ndi wakale kuposa Transformers. Takara inayamba nawo pa zidole za Microman, za 1974, kuti tizigawo ta chidole china tizilowa pa china. Zidole za m'ma 1980 sizinkautsatira zonse, zina zinali ndi timabowo tawotawo. Koma m'zaka za posachedwapa wakhala ngati lamulo. Cha m'ma 2019, pa mtundu wotchedwa Siege, anaboola timabowo timeneti paliponse: m'mapewa, m'miyendo, kumsana, ngakhale kuphazi. Ndipo anapanga maloboti ena, monga Cog ndi Sixgun, amene ntchito yawo ndi kuphwasuka. Umazula mkono, umazula mwendo, chilichonse chimasanduka mfuti kapena chovala cha mnzake.

AGOGO: Munthu wobadwira kukhala sipeya.

TADALA: Ndi mitu yomwe. Mu 1987 kunali Headmasters, mutu umazuka n'kusanduka kaloboti kakang'ono. Mu 2016 anaibweretsanso nzeruyo, pa mtundu wa Titans Return. Mutu wa uyu ungathe kukhala pathupi la uyo.

AGOGO: Imeneyo ndiye ndikuifuna. Pali anthu m'mudzi muno matupi abwinobwino, ogwira ntchito, koma mitu yake! Tikanangosinthanitsa Loweruka limodzi. Amalume ako tikanawabwerekera wa aphunzitsi. Koma tandiuza, mutu wa 1987 ungakhale pathupi la 2016?

TADALA: Ayi. Kukula kwake n'kosiyana.

AGOGO: Ndinadziwa. Kabowo ka mfuti sasintha, poti mfuti ndi kanthu kochepa, ndiponso mwana akaona kuti mfuti yake yakale ikulowa amakondwa, n'kumati kampaniyi ndi ya anthu achifundo. Koma pamene pali ndalama, pamutu ndi pamapewa, amasintha uku akukumwetulira. Taima, iyi bwanji ikugwa? Wati zonse ndi mamilimita 5.

TADALA: Papepala ndi 5. Koma chikombole cha kufakitale chikagwira ntchito nthawi yaitali chimadyeka, ndipo pulasitiki ikamazizira imakhwinyata pang'ono. Chikhomo chikachepa ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, mfuti imagwa. Chikakula pang'ono, chibakera chimang'aluka, makamaka chikakhala cha pulasitiki yoonekera m'kati ija. Taonani uyu, kamzere koyeraka. Apa panatsala pang'ono kuthyoka. Zachinyengo, zokopera, ndiye zimaposa: zina zothina, zina zokhwepa, m'paketi imodzi.

AGOGO: Ndiye chikakhwepa mumatani, a injiniya?

TADALA: Timapaka mankhwala a m'zikhadabo, osakhala ndi mtundu aja, pachikhomopo. Akauma chimanenepa pang'ono. Ena amapaka polishi wamadzi wa pansi.

AGOGO: Zaka zonse zija kusukulu, mankhwala ake n'kukhala a m'zikhadabo! Ife tinkadula kachitini ka mafuta ophikira, kukulunga pachitsulo cha chishalo, n'kumanga. Palibe anatipatsa digiri. Tandipatsa kandege kakale kaja. Ndi chimphona chatsopanocho.

TADALA: Ndakuuzani kuti sizilowana.

AGOGO: Ndamva. Uku bowo la kanjira, uku mutu wa ngodya zinayi. Pakufunika mkhalapakati. Kamtengo kolimba, ka mlombwa, mbali ino ukaseme kuti katsetsereke m'kanjiramu, mbali inayo ukabowole kuti mutu ulowe. Nkhoswe ikakhalapo, banja limatheka.

TADALA: Agogo, zimenezo zilipo kale. Kuli timakampani ting'onoting'ono, tambiri ta ku China, timene ntchito yake ndi kupanga tizigawo towonjezera pa zidole za Hasbro ndi Takara: manja abwino, mapazi akuluakulu, zolumikizira. Ena amachita kupanga okha kunyumba ndi makina osindikiza zinthu zapulasitiki, n'kumagulitsa pa intaneti.

AGOGO: Kugulitsa? Alipo amagula?

TADALA: Ambiri. Akuluakulu a ndevu zawo, ena a imvi ngati inu.

AGOGO: Kakang'ono ngati chala changachi, amalipira zingati?

TADALA: Kuposa zimene munkalandira mukamata machubu tsiku lonse.

AGOGO: (Akhala chete. Ayang'ana kandege, ayang'ana chimphona.) Tadala.

TADALA: Wawa, agogo.

AGOGO: Lowa m'nyumba. Kunsi kwa bedi kuli bokosi langa lachitsulo. Utengemo tupa, kampeni ka chigwiriro chofiira, ndi magalasi anga.

TADALA: Si paja mwati ndi ana apulasitiki ochokera kunkhondo?

AGOGO: Ovulala amafuna dokotala. Ndipo obiriwira ajawa usawabwezere m'thumba. Wati akusowa awiri, ndikufuna ndione malo awo.

TADALA: Agogo aakazi akafunsa kuti mukusema chiyani?

AGOGO: Uwauze kuti ndi mpini.

TADALA: Mpini wa mamilimita 5?

AGOGO: Uwauze kuti khasu lake likubwera kuchokera ku Japan. Fulumira, dzuwa likulowa.