Fodya wa Pachala ndi Alembi a ku Mzimba

Mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, unapekedwa ndi anthu okoka fodya wopera, amene ankadziwa kuti ulendo wochoka pachala kufika pamphuno ndi waufupi koma wodzala ndi ngozi. Ngakhale akuluakulu amaugwiritsa ntchito pochenjeza munthu wowerengera chuma chimene sichinalowe m'thumba, mwambiwu umathandizanso pa mkangano wofuna kudziwa amene ayenera kutchedwa mlembi weniweni, mkangano umene umavuta kuuweruza chifukwa liwu lakuti mlembi limanyamula wopeka mabuku, wolemba milandu pabwalo la mfumu, ndi mayi wosunga kaundula wa banki m'khonde, ndipo mwa atatuwa, mayiyo ndi amene zolemba zake zimawerengedwa mosamalitsa sabata iliyonse.

Chiweruzo chofala chimati mlembi ndi amene dzina lake lasindikizidwa pachikuto cha buku. Koma buku limene palibe waliwerenga ndi fodya wa pachala, ndipo m'boma la Mzimba mphepo yake imabwera m'njira ziwiri: chiswe, chimene chimamaliza katoni yonse pansi pa bedi osadumpha tsamba ndi limodzi lomwe, ndi ogulitsa zitumbuwa pa Jenda, amene amafalitsa masamba a buku kwa apaulendo a mumsewu wa M1 mwachangu kuposa wosindikiza aliyense, kungoti mafuta amafufuta ndime zofunika.

Mbiri ya kumwera kwa bomali imasokoneza chiweruzochi kwambiri. Donald Fraser, m'mishoni wa ku Scotland amene anakhazikika pa Loudon, ku Embangweni, m'chaka cha 1902, ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo za m'tchalitchi pa mayimbidwe a makolo awo, mpaka ankachititsa mipikisano ya opeka. Fraser yemweyo analemba buku lotchedwa Winning a Primitive People, limene linatuluka mu 1914, ndipo lero limatsegulidwa ndi ofufuza mbiri okha, pamene nyimbo za opeka aja, zimene zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, zimayimbidwa pamaliro ndi paukwati ndi anthu ambiri amene sangatchule dzina la wopeka. Mmodzi mwa opekawo, M'busa Charles Chinula, anasiyana ndi mpingo wa Livingstonia m'zaka za m'ma 1930 nayambitsa wake ku Sazu, koma zinaoneka kuti kuchotsa munthu paubusa n'kosavuta poyerekeza ndi kutulutsa fodya wake m'mphuno za mpingo wonse. Moyo wa Chinula unadzalembedwa ndi D.D. Phiri, mwana wa ku Mzimba yemweko, amene ngakhale anali ndi mabuku ambiri, anthu wamba ankamudziwa makamaka chifukwa cha nkhani zake za m'nyuzipepala ya The Nation, pepala limene nalonso, likagona tsiku limodzi, limatsata njira ya zitumbuwa.

Pali gulu lina limene silinaitanidwepo ku msonkhano wa alembi. Kuyambira nthawi imene amuna a ku Mzimba anayamba kupita ku Joni, ndiye kuti ku South Africa, mudzi uliwonse unali ndi mwana wa sukulu wolembera amayi makalata, ndipo luso lake linkayesedwa ndi muyeso wouma mtima kuposa wa ofufuza mabuku: ngati bulangete kapena ndalama sizinabwere, kalatayo inali yolephera. Mdzukulu wa mlembi ameneyo lero amalemba pa WhatsApp uthenga wa maliro umene m'kanthawi kochepa umafika ku Johannesburg ndi ku Cape Town, nubweza chipepeso dzuwa lisanalowe, chinthu chimene ndakatulo zosindikizidwa sizichita kawirikawiri.

Mwambiwu, komabe, suuza munthu zimene zimachitika fodya akafika pamphuno, pakuti chotsatira chake ndi kuyetsemula, ndipo uthenga wa pafoni umatha tsiku limene foniyo yagwera m'chitsime kapena yagulitsidwa pamsika wa pa boma. Otamanda mafumu pabwalo la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ku Edingeni, amene amasunga mayina a makolo pamtima popanda pepala kapena batire, akamva mkanganowu ali ndi chifukwa chongoyang'ana mbali zonse ziwiri mwaulemu, kenako n'kupempha fodya.