Madokotala a m'minibasi ya pa Shimabala

Pa Shimabala sadutsa ulele. Chiyambire 2017, pomwe boma linatsegula chipata cholipiritsa magalimoto pamsewu wa Lusaka ndi Kafue, ngakhale dalaivala wamwano chotani amatsitsa galasi, kupereka ndalama, n'kulandira lisiti. Komatu iye zake zili bwino: walipira kamodzi, mtengo wadzuka, wapita. Olipira osapuma ndife oyenda ndi mwana wa miyezi 16 amene sanayambe kuyenda. Ife chipata chimatipeza paliponse, pasiteji, kuchigayo, pamzere wa madzi, ngakhale pamaliro, ndipo lisiti satipatsa.

Mwana wathuyo kunyumba timamutchula Abwana, chifukwa ntchito sagwira koma tonse timamvera iye. Kukwawa anakana. Anasankha kuyenda ndi matako: amakhala pansi, kuponya mwendo umodzi kutsogolo, n'kudzikoka. Liwiro lake funsani nkhuku za aneba. Makabudula ake onse anabooka malo amodzi. Ine ndinkati imeneyi ndi nkhani ya m'nyumba mwathu, osadziwa kuti Kafue yense anakhala kale pansi n'kusankha komiti.

Amayi ake amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndiye maulendo ambiri a mwana amagwera ine. Mwamuna wandevu atabereka mwana pachitenje ndi nkhani kale payokha. "Amake ali kuti? Anathawa?" Ameneyo ndi moni chabe. Mlandu weniweni umayambira m'minibasi.

Woyamba amakhala kondakitala, ndipo ndi yekhayo amene funso lake lili ndi mutu. "Mudala, ayenda uyu? Ngati ayenda, alipira." Ndikati sayenda, iye amakhutira, koma basi yonse yamva.

Tsiku lina tikupita ku Lusaka kukaona alamu, amayi ena a dengu la nsomba anatambasula dzanja n'kufinya katumba ka Abwana osapempha. "Miyendo yofewa iyi, atate. Wanga anayenda ali ndi miyezi 9." Wa kumbuyo anati wake 8. Pofika pa Chilanga, pomwe fumbi la simenti limayambira, tinali titatsika kufika pa 6. Pa Kafue Roundabout panapezeka agogo amene mdzukulu wawo, malinga ndi kufotokoza kwawo, anatuluka yekha m'chipinda chobadwira kukafunsa mtengo wa sopo. Ndazindikira kuti ana a eni ake onse anayenda msanga, anamera mano osalira, ndipo analankhula Chingerezi asanasiye bere. Kumene anapita ana anzeru chonchi atakula sindikudziwa, chifukwa akuluakulu amene ndimakumana nawo ndi anthu wamba ngati ine ndemwe.

Oopsa ndi ofufuza chifukwa. Mkulu wina wa chipewa sanavutike n'kuyang'ana mwana; anayang'ana ine, kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kunena mawu amodzi: "Tsempho." Wosadziwa adziwe: akuluakulu amati tsempho limagwira mwana bambo akayenda njira zam'mbali. Basi yonse inatembenuka. Ine munthu amene njira yanga yam'mbali imathera pa TV ya pagolosale kukaonera mpira, ndinapezeka ndikutuluka thukuta ngati ndagwidwadi. Mtsikana wa foni yaikulu anandipulumutsa ponena kuti pa Facebook anaona kuti mankhwala ake n'kugula kampando ka mateyala. Mlaliki wa pampando wakutsogolo anati ndi mizimu ya kwathu ku Katete. Wina anati tamusokoneza ndi zilankhulo: amake Chitonga, ine Chinyanja, aneba Chibemba, wailesi Chingerezi. Chonsecho ana a m'dera lino akhala akukula ndi zilankhulo zitatu kapena zinayi kuyambira kale, ndipo palibe amene anasowa chonena pa nthawi ya nsima. Abwana mawu ali nawo: "mama", "tata", ndi "iwe!" Lomalizali anaphunzira kwa amake pothamangitsa mbuzi, koma amaligwiritsa ntchito pa ine.

Njira zodzitetezera ndayesa zingapo. Kukwiya sikuthandiza, amangoti, "Mwaona? Mtima wa atate ake ndi umene ukumumanga miyendo." Kuchepetsa msinkhu nakonso ayi. Nditanena kuti ali ndi miyezi 9, amayi ena anaomba m'manja: "Chimwana chonsechi? Mukumudyetsa chiyani? Ameneyu sadzayenda!" Kukhala chete ndiye kuvomera mlandu.

Mtendere ndimaupeza kusikelo. Kumeneko amamukoloweka Abwana m'kathumba, iye n'kumalira ngati tamugulitsa, muvi n'kuima pa makilogalamu 10 ndi kanthu. Anesi amalemba kadontho pakhadi yake yabuluu, poti ya atsikana ndi yapinki, n'kuona ngati mzere ukukwera. Amamukulunganso kalamba pamkono: kakaonetsa kufiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, mwana ali pangozi ya kunyentchera, kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndi kobiriwira. Abwana ali kobiriwira. Nditafunsa za kuyenda, asisita anamuimiritsa, anamuona akupondetsa mapazi onse awiri atagwira benchi, anamuitana kumbuyo iye n'kutembenuka. "Atate, ana osuntha ndi matako amakonda kuchedwerapo. Akafika miyezi 18 asanayende, mubwere naye timuone bwino."

Zimenezi sanazitole m'basi. Mu 2006 bungwe la World Health Organization linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 816 a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Ana athanzi anayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi pafupifupi 18. Kukhala pansi osagwiriziza kunali pakati pa miyezi 4 ndi 9. Ndipo ana anayi pa 100 aliwonse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo. Ndiye kuti Abwana ali ndi anzawo ku Oslo, ena ku Accra, onse obooka makabudula.

Sikuti zonse zonena anthu n'zotaya. Mwana akasiya kuchita zimene ankachita kale, akapanda kutembenuka pomuitana kapena pakagwa mbale, mbali imodzi ya thupi ikakhala yolefuka, mzere wa pakhadi ukagona kapena kutsika, liwombo likalowa m'kati pamene akutsegula m'mimba, pamenepo palibe zodikira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Vuto lenileni ndi limenelo, koma m'basi simunapezekepo wondifunsa ngati m'phala la mwana mumalowa nsinjiro, dzira kapena kapenta wosinja. Choncho ndinadziikira lamulo: malangizo othera pa "pitani naye kuchipatala" ndimawanyamula, oyambira pa "wanga anali" ndimawasiya pampando pomwepo.

Koma katswiri pankhaniyi ndi amake mwana. Iwo sakangana ndi munthu. Dokotala wa m'basi akangoyamba, amamwetulira mwaulemu wonse: "Zikomo kwambiri amayi, mwatithandiza. Tamugwirirani pang'ono ndikonze chitenje." Makilogalamu 10 aja n'kutera pamiyendo pa mlangizi. Abwana ntchito amaidziwa: choyamba duku, kenako ndolo, kenako chala m'mphuno, ndipo tsiku likakhala labwino thewera limamaliza zotsala. Chitenje chija amachikonza mosathamanga, mpaka pa Chilanga. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amake Abwana amangothandiza anthu kuukwaniritsa mwambiwo ndi manja, poti pakamwa anaukwaniritsa kale. Sindinaonepo mlangizi wopitiriza phunziro duku lili m'kamwa mwa wodwala wake.

Nditayesa ine njira yomweyo, mkulu amene ndinamupatsa mwana anamulandira bwinobwino, anamusewera, mwana n'kugona tulo, iye n'kupitiriza kundilangiza mpaka m'tauni, kenako anandipempha ndimulipirire basi. Zina zimafuna mphatso.

Pano Abwana ayamba kuima atagwira tebulo, n'kusiya dzanja limodzi, kutiyang'ana ngati akufuna tiwaombere m'manja, kenako phi! pansi. Komiti nayo yaona kuti nkhaniyi ikutha, ndiye yatsegula ina: mng'ono wake abwera liti? Ine ndilibe changu pa zonse ziwiri. Kondakitala anandichenjeza kale kuti tsiku limene mwanayu adzaponye phazi, adzalipira mpando wake. Ndiye inu a komiti, chonde musamufulumizitse. Mwezi uno ndi wautali.