Chigubu chimene sindinathiremo oyilo

Mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa, a malume anandiimbira foni ali ku Thyolo. Mitengo yawo ya bulugamu, imene anadzala okha kumtunda kwa dimba, inali itagwa yambiri, ina itapingasa khwawa, ina itatsamirana. Anati ndikapeza chainsaw, nkhuni tidzagulitsa kwa ootcha njerwa chilimwe chikafika, mapolo owongoka tigulitsa kwa omanganso nyumba, ndalama n'kugawana pakati. Ndinavomera pomwepo. Chibadwire ndinali ndisanadulepo mtengo ndi makina, koma zimenezi sindinawauze.

Milungu itatu ndinaithera pa foni, kuyerekeza makina mpaka manambala ndinawaloweza. Stihl MS 261, ya kampani ya ku Germany, injini yake ndi ya 50 cc ndipo siifika makilogalamu 5 kulemera. Husqvarna 550 XP ya ku Sweden nayo ndi ya 50 cc. Pamwamba pa zimenezi pali MS 362 ya 59 cc, yolemera makilogalamu 5.6, ndi Husqvarna 562 XP ya pafupifupi 60 cc. Koma maso anga ankathamangira kwa akuluakulu ake, MS 382 ya 72 cc ndi Husqvarna 372 XP ya pafupifupi 71 cc.

Ndinakaonana ndi bambo wina wachikulire amene anacheka matabwa a paini ku Chikangawa kwa zaka zambiri. Sanandifunse dzina la makina. Anafunsa kunenepa kwa mitengoyo, ine n'kuwayerekezera ndi manja kuti yambiri ndi ngati ndowa.

"Mwana wanga, tengani ya 50 kapena ya 60, bar ikhale ya mainchesi 16 kapena 18," anatero. "Yaikuluyo ndi yochekera matabwa. Mukati musadzire nthambi tsiku lonse, dzuwa likamapendeka mikono idzakhala si yanunso."

Ndinali ndi yankho langa. Makina atsopano apakatiwa ambiri kabyuleta yake imadzichuna yokha ndi kakompyuta kamkati, ndipo ikavuta, makaniki wapamsika sangaikonze ndi sikuludilaiva. MS 382 ili ndi kabyuleta yachikale imene aliyense wodziwa injini amatha kuichuna. Mfundo imeneyi ndi yoona mpaka lero, ndipo makinawo alibe mlandu pa zimene zinandichitikira. Chimene sindinanene n'chakuti ndinkafuna kufika kumudzi ndi chinthu chachikulu, choti anthu aone. Mayi a kunyumba anakatenga ngongole ku banki m'khonde, ine ndinawonjezera zanga, n'kukagula MS 382 ku Limbe.

Wogulitsa anandibwerezera kawiri kuti injini zimenezi zilibe posungira oyilo ngati galimoto. Oyilo wake amayendera limodzi ndi petulo: mamililita 100 m'malita 5, ndiye 50:1. Oyilo wa tcheni ndi wina, amakhala m'kathanki kake. Ndinagwedeza mutu.

Makilogalamu 6.2 amene amalembedwa kuti ndiko kulemera kwa MS 382 ndi opanda bar, tcheni ndi mafuta. Izi ndinazimva m'mapewa tsiku loyamba lomwe. Podula thunthu makinawo ankalowa bwino kwambiri, koma ntchito yambiri pa mtengo wakugwa ndi nthambi, kuwerama, kunyamula, kutembenuka. Pofika tsiku lachitatu zala zinkachita dzanzi ndipo kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri.

Tsiku limenelo ndinafika pa mtengo umene unapingasa khwawa, tsinde lili tsidya lino, nsonga tsidya lina, pakati pali lende. Mtengo wotere umapanikizika kumwamba, kunsi n'kumakokeka. Odziwa amatema pang'ono pamwamba kenako n'kumalizira kuchokera pansi. Ine ndinangoyamba pamwamba kutsika. Nditapitirira pakati, mpata unatsekeka, mtengo unaluma bar, tcheni n'kuima. Ndinakoka, ndinapotoza, ndinatsamira ndi thupi lonse. Tinaitulutsa patapita ola lathunthu, titakhoma mphero ya mtengo m'mng'alumo ndi kutukula thunthu ndi mzati. Bar inali itapindika pang'ono moti inkadula mokhota.

Pamenepo ndikanaweruka. Koma a malume anali atabwera kudzaona, ndipo manyazi anandikankha kuti ndipitirize. Petulo wosakaniza anali atatha, ndiye ndinatuma msuweni wanga, mwana wawo wa Fomu 2, kuti akagule malita 5 kwa ogulitsa m'zigubu pamsewu. Anathamanga, anabwera thukuta lili kamukamu, nandipatsa chigubu ndi chenje chomwe. Kabotolo ka oyilo kanali m'chikwama, pamthunzi, mapazi khumi kuchokera pamene ndinaima. Ndinatsegula thanki n'kuthira petulo monga anabwerera.

Injini inalira bwino, mwinanso mokweza kuposa kale. Ndinadula zidutswa zingapo. Kenako mawu anasintha, mphamvu inatsika, inazima. Nditakoka chingwe, sichinasunthe. Nthawi yomweyo maso anga anagwera pa chikwama chija ndipo ndinadziwa.

"Chavuta n'chiyani, mphwanga?" anafunsa a malume.

"Petulo wabwera nayeyu ndi wachinyengo, malume," ndinatero. "Ayenera kuti wagula wotchipa, wothira palafini."

Mawu amenewa anatuluka mosavuta, ndipo ndi amene amandipweteka koposa ngongole ija. A malume anatembenukira mwana wawo. Anamukalipira pamaso pa aganyu awiri, kumufunsa kumene waika ndalama zotsala. Mnyamatayo anangoti, "Ababa, ndagula pamene timagula nthawi zonse," misozi ili mbwembwembwe. Madzulo sanabwere kudzadya nsima. Ine ndinadya.

Ku Limbe makaniki anamasula chotulutsira utsi n'kuwalitsa tochi ya foni pabowo. Pisitoni inali ndi mizere yakuya kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati yokandidwa ndi msomali, ring itamatirira mumsewu wake. Mkati monse munali gwaa, mopanda chinyezi cha oyilo. Injini yothamanga maulendo oposa 10,000 pa mphindi ikasowa oyilo, chitsulo chimakhulana ndi chinzake mpaka kusungunuka. Anatsanula petulo wa m'thanki, nadontheza pa pepala loyera. Anauma osasiya banga.

"Achimwene, petuloyu alibe vuto," anatero. "Simunathire oyilo. Yanoka imeneyi. Pafunika pisitoni ndi silinda zatsopano."

Ndinakhala masiku anayi pepala lija lili m'thumba la malaya. Mayi a kunyumba ndiwo anayamba kumva zoona, ndipo sanafunse za ndalama. Anafunsa ngati mwana uja akudziwa kuti ndikudziwa.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Thyolo. Ndinapeza a malume pakhonde akusongola mpini. Ndinapempha kuti aitane mnyamatayo ndi aganyu aja, popeza bodzalo ndinalinena iwo akumva. Atakhala pansi ndinafotokoza zonse, kuyambira poti sindinagwirepo chainsaw mpaka pa kabotolo kamene kanatsala m'chikwama.

A malume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Makina amakonzeka, mphwanga. Uyu ndiye ulankhule naye."

Ndinatembenukira msuweni wanga n'kumupepesa. Sanayankhe, ankangokumba pansi ndi chala chakuphazi. Makinawo anakonzedwa patapita miyezi iwiri, ndipo mitengo yotsalayo anamaliza ndi munthu wodziwa ntchito amene tinamulipira, ine ndikukoka nthambi pambuyo pake. Wosakaniza mafuta anali mnyamata uja. Anapempha yekha ntchito imeneyo, ndipo chigubu chilichonse chimene wathiramo oyilo ankachimanga kansalu kofiira pachogwirira.