Ulemu kwa Mwini Ndevu Zodzola Mafuta

Anthu amuseka mokwanira. Lero ine ndavula chipewa, ndaima kumbali yake kuti ndimuyamike munthu amene azungu amamutcha hipster, chifukwa padziko pano palibe wina amene amaulemekeza umphawi ngati iyeyu. Enafe umphawi tinaupeza waulere, unachita kutilondola wokha pakhomo. Iye amachita kuugula, pamtengo woboola m'thumba.

Mukafuna kumuona pitani ku Williamsburg mu mzinda wa New York, kapena ku Shoreditch kum'mawa kwa London, kumene mtundu wake unayamba kuchulukana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Simungamusowe. Ndevu n'zofika pachifuwa, zopesa bwino, zodzola mafuta akeake apadera. Thalauza ndi yothina ngati anabadwa nayo, yolekezera pamwamba pa akakolo. Shati ndi yonga ya anyamata ogwetsa mitengo, chonsecho nkhwangwa sanaigwirepo chibadwire. Kumutu chipewa chaubweya, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Musamuyese wadzana. Dzinali linamveka kale m'zaka za m'ma 1940, pamene achinyamata ambiri achizungu ku America ankathamangira oimba jazi achikuda n'kumatengera kavalidwe ndi kayankhulidwe kawo. Woimba piyano wina, Harry Gibson, anafika podzitcha yekha The Hipster, ndipo mu 1957 mlembi Norman Mailer analemba nkhani yaitali ya anthu otere n'kuitcha The White Negro. Ndiye kuti luso lobwereka za eni ake n'kumazivala monyadira kuposa eni akewo ndi lamakolo. Mwambo wotere timaupatsa ulemu.

Ine ndinakumana naye maso ndi maso pamene mphwanga wina wokhala ku London ananditengera kumalo omwera khofi. Khoma linali la njerwa zosapaka pulasitala. Babu inkalendewera pawaya wopanda chophimba. Mipando inali yosiyanasiyana ngati yobwereka pamaliro, tebulo la matabwa a makatoni onyamulira katundu. Ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, bwanji osadikira amalize kaye kumanga?" Iye anati, "Achimwene, chonde tsitsani mawu, pano ndi papamwamba." Chakumwa chinabwera m'botolo la jamu. Kwathu mlendo ukamupatsa madzi m'botolo la jamu amakasimba kwawo chaka chonse, koma apa mnyamata wandevu analiika patsogolo panga mwaulemu ngati chikho cha kutchalitchi. Nditalawa ndinamva kukoma kodziwika. Anali malambe. Malambe omwe aja anafe tinkagenda m'mitengo kuchigwa, amene mayiko a ku Ulaya anawavomereza kuti ndi chakudya mu 2008, ngati kuti mibadwo yonseyi tinkangoyeserera. Mtengo wa kapu imodziyo sindiutchula, kuopa kukhumudwitsa amayi ogulitsa malambe m'mphepete mwa msewu.

Kodi munthu wotere osamukonda bwanji? Zonse zimene ife tinkachita nazo manyazi iye wazikweza. Kaunjika, amene enafe timasankha titayang'ana uku ndi uku kuti anzathu akuofesi asatione, iye amamutcha vintage, ndipo jekete likakhala lothetheka pachigongono ndiye mtengo umakwera. Njinga yake ilibe magiya, ina ilibe ndi mabuleki omwe, ndipo akamaipalasa nkhope imakhala ya munthu amene watulukira nzeru yatsopano, pamene wakabaza wakhala akukwera nayo mtunda njinga ya giya imodzi, thumba la chimanga lili pakaliyala, popanda womujambula. Mbale za galamafoni zimene tinataya kalekale iye anazitola, anazipukuta, mpaka mu 2022 ku America zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chiyambire 1987. Nyimbo amakonda za oimba amene inu simunawamvepo. Tsiku limene mudzawamve, iye adzawasiya.

Koma khalidwe lake loposa onse ndi kudzichepetsa. Mfumu imavomera kuti ndi mfumu, sing'anga amaika chikwangwani pamsewu, koma hipster savomera kuti ndi hipster. Mukamutcha dzinalo amakwiya, n'kuloza mnzake wandevu zofanana naye patebulo linalo. Aliyense amalumbira kuti safanana ndi wina. Katswiri wa masamu Jonathan Touboul anawerengera nkhaniyi n'kupeza kuti anthu othawa kufanana ndi gulu amatha kumaliza afanana okhaokha. Magazini ya MIT Technology Review italemba za ntchito yakeyo mu 2019, inaikapo chithunzi cha mnyamata wandevu wovala chipewa chaubweya. Bambo wina analemba kalata yaukali, kuopseza zokasuma, kuti agwiritsa ntchito chithunzi chake popanda chilolezo n'kumunyoza. Atafufuza anapeza kuti pachithunzipo sanali iye. Munthu kulephera kudzisiyanitsa ndi mnzake pachithunzi! Umodzi wotere ngakhale mipingo imaupempherera osaupeza.

Ena amamuda ati amakweza lendi. N'zoona, koma taonani mmene amagwirira ntchitoyo mwaukhondo. Amasankha dera la anthu osauka chifukwa nyumba n'zotchipa ndipo makoma ali ndi mbiri. Amatsegula kogulitsira khofi, kometera ndevu, kofululira mowa wa m'timigolo ting'onoting'ono. Eni nyumba amaona, lendi imakwera, ndipo amene anabadwira pamenepo amalongedza. Boma limatha zaka likulimbana ndi umphawi m'dera limodzi, iye amauthetsa pongosamutsa amphawiwo. Mu 2014 anyamata awiri amapasa ochokera ku Belfast anatsegula Cereal Killer Cafe mu msewu wa Brick Lane, m'dera la Tower Hamlets, limodzi mwa madera osaukitsitsa a London. Ankagulitsa tizakudya tam'mawa tam'makatoni tothira mkaka, mitundu yoposa 100, timene aliyense angathire yekha kunyumba. Mu September 2015 anthu okwiya ndi kukwera kwa lendi anafika ndi miuni n'kupaka penti pamawindo. Kusayamika kwake! Malowo anatsekedwa mu 2020.

Choncho inu amene mukusunga jekete la malemu agogo m'sutikesi, lija lonunkha mankhwala a njenjete, musalipereke kwa woweta ng'ombe. Mabotolo a jamu tsukani, wailesi yakale ija ipukuteni fumbi, ndipo njinga ya bambo anu musaigulitse kwa ogula zitsulo. Mwiniwake wa zinthu zimenezi anafika kale ku Braamfontein mu Johannesburg, ndipo mabasi ochokera kumeneko amabwera sabata iliyonse.