Ulemu kwa Malovu, Sing'anga wa Mainjini

Pa zamadzimadzi zonse zotuluka m'thupi la munthu, misozi ndiyo inabadwa ndi mwayi, chifukwa oyimba sagona nayo tulo. Thukuta nalo silidandaula, andale amalitamanda pa msonkhano uliwonse, ati thukuta la mlimi. Magazi ali ndi bungwe lawolawo loyenda m'masukulu ndi m'mipingo kuwasonkhanitsa. Malovu okha ndiwo amasiye. Akagwera pamalaya timachita manyazi, akatuluka tili mtulo timabisa pilo, mwana akawaseweretsa amalandira khofi. Ine lero ndavala jekete kuti ndiwaimirire, pakuti pa ntchito yoyeza kutentha kwa injini palibe wantchito wokhulupirika kuposa iwo, kuyambira ku Biwi mpaka ku Japan.

Ndinawaona koyamba ali pa ntchito ku Kawale, Loweruka madzulo, mayi akusita zovala za kutchalitchi ndi simbi ya makala. Chala pa lilime, chala pa simbi, tsi! Nkhani yatha. Ikalira mofooka, aikupize kaye. Ikalira mwaukali, aidikire pang'ono, kuopa kuboola diresi la Mvano. Nthawi imeneyo ndinkayesa nzeru za akuchipinda chabe. Sindinkadziwa kuti mayi akuchita zomwe amachitanso azibambo a ndalama zawo kunja kuno, atagwada pafupi ndi tigalimoto toseweretsa.

Tigalimoto timeneti musatiyese tija ta mabatire togulira mwana pa Khirisimasi. Ndi ta akuluakulu, toyendetsa ndi rimoti, topangidwa ndi makampani ngati Kyosho wa ku Japan ndi Traxxas wa ku America, ndipo tili ndi injini yeniyeni yotulutsa utsi. Eni ake amati nitro. Mtima wa kainjini kake ndi wochepa kwambiri, masisi 3.5 pa tambiri tampikisano, osadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe, koma kamazungulira maulendo oposa 30,000 pa mphindi, kulira kwake ngati udzudzu wolusa umene wameza chigayo. Sikamwa petulo. Kamamwa methanol wosakaniza ndi nitromethane ndi oyilo, ndipo oyilo wina amene amathiramo ndi wa nsatsi, zomwe zija zimamera zokha kudzala. Pulagi yake ilibe moto wothetheka ngati ya njinga yamoto: ili ndi kawaya ka platinum kamene amakayatsa ndi batire poyamba, kenako kamangonyeka kokha malinga injini ikulira. Nzeru imeneyi inafala cha m'ma 1947, ndipo dzina limene limatchulidwa nayo ndi la Ray Arden wa ku America.

Vuto la kainjini aka ndi mtima wapachala. Kalibe ladiyeta, kalibe fani, kalibe madzi. Kamazizira ndi mphepo yowomba pa chisoti chake cha aluminiyamu ndiponso ndi mafuta omwewo amene kakumwa. Pa kabuleta pali kasingano kopotokola. Mukakatseka pang'ono, mafuta amachepa, kagalimoto kamathamanga ngati kaba nkhuku, mwini wake n'kumasekerera. Koma mafuta akachepa, oyilo wachepanso, kutentha kwakwera, utsi wa buluu uja wasowa, pulagi yapsa, pisitoni yakalika, ndalama zapita. Mukatsegula kwambiri, kamatsamwa, kamazizira, ndipo kuzizirako nakonso kumadya zitsulo. Kamakondwa kakakhala pakati pa madigiri 100 ndi 130, poyeza pamutu pafupi ndi pulagi. Ndiye mwini wake amakhala ngati mlamu wa munthu wovuta, nthawi zonse kusuzumira ngati nkhope yasintha.

Amene ali ndi ndalama amagula kamfuti koyezera kutentha. Tonse tikukadziwa: ndi mphwake wa kaja ankatilozetsa pachipumi pa khomo la banki ndi la sitolo mu 2020, nthawi ya Covid, mlonda n'kukuuzani kuti muli pa 33 koma lowani. Kamfutiko kamafuna batire. Kamasokonezeka ndi chitsulo chonyezimira, n'kutchula nambala yotsika pamene mutu ukuyaka. Kamaiwalika kunyumba. Kamabwerekedwa osabwezedwa. Tsono zikatere, bwana uja wa kagalimoto kodula amayang'ana uku ndi uku, n'kunyowetsa chala, n'kudonthezera pamutu pa injini. Malovuwo akangoti tsi n'kuzimirira, injini yapsa mtima, atsegule kasingano. Akawira modekha kwa timasekondi titatu kapena tisanu, zili bwino. Akangokhala phee ngati mame, sinatenthe. Njira yakeyo ndi ya mayi anga, kusiyana kwake ndi mtengo wa chimene akulavuliracho.

Taonani ulemerero wa chipangizo chimenechi. Sichilipira msonkho pa Mwanza kapena pa Songwe. Sichidikira ndalama zakunja. Magetsi akazima chimagwirabe ntchito. Thupi limachipanga lokha, theka la lita mpaka lita ndi theka pa tsiku, ndipo mukadutsa pa chiwaya cha tchipisi ku Area 25 fakitale yake imawonjezera shifiti popanda kupempha. Pafupifupi chonsecho ndi madzi, n'chifukwa chake sichinama za madigiri 100. Ngakhale apo, malovu a ku Lilongwe ali ndi ulemu wapadera. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero madzi kuno amawira msanga, cha pa madigiri 96 kapena 97. Malovu athu amachenjeza nthawi ikadalipo. A ku Beira amadikira mpaka 100.

Kwathu kuno tigalimoto ta nitro si tambiri, koma odwala nthenda yomweyo ali mbwee. Njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza msewu wa ku Area 23 zimazizira ndi mphepo basi, ndipo zambiri zilibe geji ya kutentha. Mnyamata wakwera nayo chitunda atanyamula mayi, mwana ndi thumba la makala, mwezi wa Okutobala, ndani angamuuze kuti injini yatopa? Ku Biwi, kumene galimoto yakufa imaukitsidwa ndi ziwalo za inzake itatu, ndinaona makaniko wachikulire akuyeza mabuleki ogwira. Sanafunse kompyuta. Anazungulira galimoto, gudumu lililonse kulipatsa dontho lake, la kumbuyo kumanzere linayankha mokweza. "Ndi ili, bwana," anatero, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja ngati dokotala wovula magolovesi.

Opikisana nawo alipo, sindikana. Pali mphuno, imene imamva fungo la labala zinthu zitaonongeka kale. Pali chikhatho, chimene chimayeza bwino koma kamodzi kokha. Ndipo pali geji ya pa dashibodi, mfumu ya ulesi. Tsiku lina ndinakwera minibasi ya ku Chinsapo, mpando wakutsogolo, uja uli pamwamba penipeni pa injini. Muvi wa geji unali utagona pa C ngati wamwalira chaka chatha. Ine m'munsimu ndinayamba kumva ngati ndakhalira mbaula.

"Adalaivala, galimotoyi sikutentha?"

"Ayi mdala, onani geji. Ili firiji imeneyi."

Sitinapite patali, nthunzi inatulukira pansi pa mpando ngati tikuphika mowa. Tinatsika tonse. Kondakitala anatukula mpando, anaika dontho pa chitsekero cha ladiyeta, dontholo silinafike n'komwe, linathera m'malere. "Musatsegule, achimwene," anatero kwa mnzake amene anabwera kale ndi chigubu ndi sanza, "angakusendeni nkhope madzi amenewo." Tinakhala pamthunzi theka la ola kudikira kuti malovu avomereze. Geji ija inali ikadali pa C, osachita manyazi.

Adani a malovu adzati nawonso amanama. Pali kanthu. Chitsulo chikatentha mopyola, cha kuma 200, dontho silizimirira msanga. Limasanduka kamkanda n'kumavina pamwamba, litakwera pa nthunzi yake yomwe, moti wosadziwa angaganize kuti injini ndi yozizira. Dokotala wina wa ku Germany, Johann Gottlob Leidenfrost, analemba za zimenezi mu 1756, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake, ngati kuti agogo athu okazinga chimanga pa phale anali asanazione. Koma ine bodza sindikuliona apa. Dontho likayamba chisamba pamutu pa injini yanu, ndiye kuti lafika pa maliro, likuvina chifukwa palibenso choti linene. Adzatinso malovu sapereka nambala. Nambala mukaitenga mupita nayo kuti? Wa kabaza safuna kudziwa ngati ndi 118 kapena 124. Akufuna kudziwa ngati anyamule pasinjala wina kapena ayambe wakhala pansi pa mtengo.

Dzulo ndinadutsa ku Mgona, kuseri kwa mafakitale a ku Kanengo, ndipo ndinakumana ndi mpikisano wa magalimoto. Anali a mawaya, mateyala a zitsekero za mabotolo, chiwongolero chachitali chofika pamimba. Madalaivala asanu, wamkulu mwina wa Sitandade 3. Injini inali pakamwa: milomo ikunjenjemera, brrrrr, giya ikusintha pakhosi, malovu akuwazika mbali zonse mpaka pa thalauza langa. Mmodzi anaima mwadzidzidzi pakati pa njira, anzake n'kumudutsa. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani.

"Yatentha, ankolo," anatero, akupuma mwawefuwefu. Anameza kawiri, ananyambita milomo, n'kuilizanso.