Kalumo ka Mlendo wa Nthenga

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wa kutali amene amafika pabwalo akuluakulu atatopa ndi mlandu kuyambira m'mawa, iye n'kungoponyapo mawu awiri, nkhani n'kutha. Mwambiwu ulibe vuto. Chimene akalewo sanawonjezere n'chakuti kalumo kakuthwa kamadulanso khutu, makamaka mlendoyo akakhala wa nthenga.

Kwathu kuno ku Petauke ndi ku Nyimba, mlendo akafika imavutika ndi nkhuku. Iye asanafotokoze n'komwe za kumene wachokera, ana ayamba kale kuthamangitsa tambala kuseri kwa nkhokwe, ndipo nthutumba yadziwika kale mwini wake. Tsono limafika tsiku zinthu n'kutembenuka. Madzulo mukuthira gaga, muwerenga nkhuku zanu zija 12, mupeza zakwana 13. Yowonjezerayo ndi kathadzi kofiira, kothothoka pakhosi, kakudya mwaulemu chapambali ngati kaitanidwa.

Pakhomo pamabuka maganizo atatu. Agogo amati musakakhudze, kameneko kanatayidwa pamphambano pamodzi ndi tsoka la munthu. Msuweni wanu amati ndi madalitso, ndipo wayamba kale kufunsa ngati tomato alipo. Ana amati kanadumpha m'basi ya ku Lusaka itaima pa Nyimba, mwini wake ali kalikiliki kutsitsa mtengo wa nthochi pazenera. Mwa atatuwa, amene ayandikira choona ndi agogo, ngakhale tsoka lake si la kwa sing'anga.

Poyamba, nkhuku yosochera ili ndi mwini. Kauzeni anyakwawa, nenaninso pachitsime kuti kwanu kwafika nkhuku. Koma musaike chithunzi chake pa gulu la WhatsApp la m'mudzi, chifukwa dzuwa lisanalowe eni ake adzakhala anayi, aliyense akulumbira kuti anakagula kakadali kamwanapiye. Wobwera kudzakatenga ayambe wafotokoza maonekedwe ake asanakaone. Mwini weniweni nthawi zambiri sapupuluma. Amadikira kaikire, kafungatire masiku 21, kaswe, ndiye amatulukira ndi dengu lalikulu.

Kalumo kenikeni ndi chitopa, ena amati chideru. Azungu amachitcha Newcastle, potengera mzinda wa ku England kumene anachizindikira cha m'ma 1926. Aliyense woweta nkhuku za m'mudzi anachionapo, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe. Nkhuku imayamba kuwodzera masana, mapiko atagwa pansi ngati yavala jekete ya malume ake. Imapuma mobanika kukamwa kuli yasa, chitosi chimakhala chamadzi chobiriwira, ndipo ina khosi limapotoka n'kumayang'ana kumwamba. Pakatha sabata khola lili zii, kwatsala abakha okha akuyenda monyang'wa, pakuti iwo amatha kunyamula matendawa osagwa nawo.

Choopsa chake n'chakuti nkhuku ikatenga kachilombo ka chitopa sionetsa tsiku lomwelo. Pamatha masiku awiri mpaka 15, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ikuoneka yabwinobwino. Kathadzi kaulemu kaja kangakhale kakudya bwino lero pamene kwawo anzake akugwa m'modzim'modzi. Ndiponso tisanamizane, tonse timadziwa zimene zimachitika chitopa chikalowa m'mudzi. Munthu akaona ziwiri zafa, zotsalazo amazimanga miyendo, n'kuzipachika pa njinga, ulendo wa kumsika ku boma. Ena amasanduka owolowa manja mwadzidzidzi: apongozi amene sanakupatseniponi ngakhale dzira akutumizirani msoti. Choncho zimene ndikunena za nkhuku yosochera zikukhudzanso yogula motchipa m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi yamphatso yomwe.

Mankhwala ochiza chitopa kulibe. Tsabola, alovera ndi makapisozi otsegulira m'madzi zimatonthoza mwini nkhuku, koma kachilomboka sikazimva.

Chotsala ndi chimene tonse tinaphunzira mokakamizidwa mu 2020, pamene obwera kuchokera kunja ankawabindikiritsa masiku 14. Mlendo wa nthenga naye abindikire, ndipo ine ndimati masabata atatu, chifukwa awiri amaperewera tsiku limodzi pa masiku 15 aja ndipo nkhuku siiwerenga kalendala. Malo ake akhale patali ndi khola, kuseri kwa nyumba kapena m'kachisakasa komwe zinzake sizifikako. Dengu lalikulu lovundikira limakwana, bola pakhale mthunzi ndipo usiku vumbwe asapeze polowera. Kakhale ndi mbale yakeyake ya madzi ndi ya gaga. Muziyamba kudyetsa zanu, mlendo pomaliza, kenaka kusamba m'manja ndi sopo. Patapata amene mwaponda nawo chitosi chake asalowe m'khola, pakuti matendawa amayenda pa mapazi, pa matayala a njinga ndi pa mbale. Ntchito imeneyi musapatse mwana wa giredi 2, adzakamvera chisoni tsiku lachitatu n'kukatsegulira.

Masabata amenewa ndi nthawi yokafufuza. Kagwireni, muvundukule nthenga za kunsi kwa mapiko ndi kumchira muone nsabwe. Yang'anani m'mbali mwa maso ndi pa lipombo, pomwe utitiri umakakamira mulu wakuda. Onani miyendo ngati mamba ake atukuka, ndi kumaso ngati kuli tizilonda ta nkhanambo. Izi zili ndi mankhwala ake kwa alangizi a ziweto. Kakayamba kuwodzera ndi kugwetsa mapiko, nkhani yatha: musakagulitse, musakapatse munthu, ndipo kakafa kakwirireni mozama kapena kukatentha, osati kuponyera agalu kuti akamwaze nthenga mudzi wonse.

Wina anena kuti zonsezi n'zachabe, poti nkhuku zathu zimayenda mwaufulu ndipo masana onse zimapalasa dzala limodzi ndi za aneba. Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake kubindikiritsa kopanda katemera n'kosakwanira. Pali katemera wotchedwa La Sota, amene amafuna kusungidwa mozizira, ndi wina wa I-2, wopangidwa koyamba ku Australia, amene amapirirako kutentha. Wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, nkhuku zonse kuyambira anapiye mpaka tambala. Amateteza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ndi wa nkhuku zathanzi. Ambirife timakumbukira ofesi ya zaziweto zitafa kale zisanu, kenaka n'kumafalitsa kuti katemera ndiye wapha zotsalazo.

Tsono mlendo wabindikira, wapezeka wopanda kalumo. Musaganize kuti eni khola amulandira ndi nthungululu. Katswiri wina wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, analemba cha m'ma 1922 kuti nkhuku zili ndi maudindo: pali yojompha zonse, pali yojompha zina, pali yojomphedwa ndi aliyense. Anatchuka nazo dziko lonse, pamene agogo ankazidziwa osalemba. Wobwera kumene amayambira pansi penipeni. Choncho musunthire dengu lija pabwalo kwa masiku angapo, zizionana koma osakhudzana. Thadzi lalikulu lidzazungulira dengulo likutukwana, lilekeni. Kenaka usiku, zonse zitagona, mukalowetse m'khola mwakachetechete. M'mawa muthire gaga malo awiri kapena atatu otalikirana, chifukwa thadzi lalikulu silingalondere mbale zitatu nthawi imodzi. Kujomphana pang'ono n'kwachibadwa ndipo kumazirala pakapita masiku. Mukaona magazi, kachotseni kaye kapole, pakuti nkhuku zikaona chofiira zonse zimathamangira pomwepo.

Zonsezi ndi za thadzi kapena msoti. Wosocherayo akakhala tambala wamkulu, pomwe inu muli naye kale wanu, palibe dengu limene lingawayanjanitse. Adzamenyana mpaka wina athothoke lipombo, ndipo wogonjayo azikagona mumtengo wa mango n'kumalira 3 koloko m'bandakucha pafupi ndi zenera lanu. Pamenepo pitaninso kwa anyakwawa mukawakumbutse kuti alengeze kachiwiri, mokweza. Mwini akapanda kuonekabe, itanani msuweni uja, tomato abwere naye yekha.